Aluya Wamba ndi Dzina la Ariel Sharon: Mtendere wa Maboma Umene Sunafike kwa Anthu

Usiku wa pa 4 January 2006, a Ariel Sharon, amene anali nduna yaikulu ya dziko la Israel, anathamangira nawo kuchipatala cha Hadassah mumzinda wa Jerusalem mtsempha wa mu ubongo utaphulika. Sanatsitsimukenso. Anagona chikomokere zaka 8, kufikira pamene anamwalira pa 11 January 2014 ali ndi zaka 85. M'masiku oyamba a matendawo, nyumba zoulutsa mawu za m'mayiko a Aluya, amene ena amawatcha Aarabu, zinkabwereza malipoti a madokotala ola ndi ola. Ku Gaza achinyamata ena anagawa maswiti m'misewu posonyeza chimwemwe. Ku Ramallah mtsogoleri wa Apalestina, a Mahmoud Abbas, ananena kuti akutsatira nkhaniyo ndi nkhawa yaikulu.

Maswitiwo ndi nkhawayo zinachokera kwa anthu a mtundu umodzi, pa nkhani ya munthu mmodzi. Kusiyana kumeneku kunalipo a Sharon asanadwale, ndipo sikunathe iwo atamwalira. Maboma a Aluya amayeza mtsogoleri wa Israel poona ngati ali ndi mphamvu zosaina pangano ndi kulisunga. Munthu wamba wa ku Cairo, ku Amman, ku Beirut kapena ku Casablanca amamuyeza poona zimene zachitikira minda, nyumba ndi ana a Apalestina pa nthawi ya ulamuliro wake. Miyeso iwiriyi kawirikawiri imapereka mayankho otsutsana, n'chifukwa chake mapangano a mtendere amene asainidwa kuyambira 1979 alimba pakati pa maboma koma osazika mizu pakati pa anthu. Mbiri ya a Sharon ndi imene imaonetsa bwino zimenezi.

Mtsogoleri aliyense ali ndi mudzi wake

Ku Ulaya ndi ku America atsogoleri a Israel amawagawa pawiri, ouma mtima ndi okonda kukambirana. Aluya ambiri sagawa motero. Kwa iwo dzina la mtsogoleri aliyense limayenda ndi dzina la malo amene kunafa anthu kapena kumene anthu anathamangitsidwa. A Menachem Begin analandira mphoto ya Nobel mu 1978 limodzi ndi a Anwar Sadat a ku Egypt, koma akatchulidwa anthu amakumbuka Deir Yassin, mudzi wa pafupi ndi Jerusalem kumene gulu lawo lankhondo la Irgun, pamodzi ndi gulu lina, linapha anthu oposa 100 mu April 1948. A Yitzhak Rabin anagwirana chanza ndi a Yasser Arafat ku Washington mu 1993, koma ndi iwo amene anasaina lamulo lotulutsa Aluya mumzinda wa Lydda mu July 1948. A Shimon Peres amakumbukiridwa ndi Qana, kumwera kwa Lebanon, kumene mizinga ya Israel inapha anthu oposa 100 amene anathawira pamsasa wa asilikali a United Nations mu April 1996.

A Sharon anali ndi malo angapo otere. Oyamba ndi Qibya, mudzi wa ku West Bank umene pa nthawiyo unali m'manja mwa Jordan. Mu October 1953, anthu ozembera malire atapha mayi wachiyuda ndi ana ake awiri m'tauni ya Yehud, gulu la asilikali lotchedwa Unit 101 linalowa m'mudzimo usiku ndi kuphulitsa nyumba zoposa 40. Anthu pafupifupi 69 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Wotsogolera gululo anali Sharon, mnyamata wa zaka 25, amene pambuyo pake anati ankayesa kuti m'nyumbamo munalibe anthu. Mu 1971, ali mkulu wa asilikali a chigawo cha kumwera, anagumula nyumba zambirimbiri m'misasa ya othawa kwawo ku Gaza kuti alambule misewu yotakata yodutsamo magalimoto ankhondo. Mu October 1973 anaolotsa asilikali ake ngalande ya Suez ndi kuthandiza kuzinga gulu lalikulu la asilikali a Egypt. Anthu a ku Egypt amakondwerera nkhondo imeneyo chaka ndi chaka pa 6 October monga tsiku limene anachotsa manyazi a kugonja kwa 1967, ndipo dzina la Sharon limawakumbutsa mbali ya nkhondoyo imene sakonda kuikamba.

Koma chilonda chosapola ndi Sabra ndi Shatila. Mu June 1982, ali nduna ya zachitetezo, a Sharon analowetsa asilikali a Israel mu Lebanon mpaka kukazinga mzinda wa Beirut. Kumapeto kwa August ankhondo a bungwe la PLO anayamba kuchoka mumzindawo pa mgwirizano umene America inakonza, atalonjezedwa kuti mabanja awo otsala m'misasa sadzaonetsedwa zakuda. Pa 14 September mtsogoleri wa gulu lachikhristu la Phalange, a Bashir Gemayel, amene anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa Lebanon, anaphedwa ndi bomba. Patapita masiku awiri asilikali a Israel, amene anali atazungulira misasa iwiriyo, analola ankhondo a Phalange kulowamo. Kuyambira pa 16 mpaka pa 18 September anthu anaphedwa m'nyumba ndi m'tinjira, usiku kukuwala ndi miuni imene Aisraeli ankaponya m'mwamba. Pa chiwerengero cha akufa anthu sagwirizana mpaka lero: ena amati mazana angapo, ena amati oposa 3,000.

Amene anagwira mfuti ndi mipeni anali Aluya anzawo a ku Lebanon, ndipo amene ankawatsogolera, Elie Hobeika, anadzakhala nduna m'boma la dzikolo nkhondo yapachiweniweni itatha. Mfundo imeneyi sikambidwa kawirikawiri. Ku Tel Aviv khamu lalikulu la Aisraeli linachita zionetsero zokwiya ndi boma lawo, ndipo komiti ya Kahan imene inakhazikitsidwa inapeza mu February 1983 kuti a Sharon anali ndi mlandu wawowawo ponyalanyaza ngozi imene inali yoonekeratu. Anachoka pa unduna wa zachitetezo, koma anakhalabe m'gulu la nduna. Opulumuka ena anakamang'ala ku makhoti a ku Belgium mu 2001, koma mlanduwo unafera m'mazira mu 2003 dzikolo litasintha lamulo lake. Chimene Aluya wamba anatolapo n'chakuti munthu amene dziko lake lomwe lamupeza wolakwa akhoza kudzabwerera, ndipo patatha zaka 18 anabwereradi, ali nduna yaikulu.

Nkhondo inalowa m'nyumba za anthu

Njira yobwerera inadzera pamalo opatulika. Pa 28 September 2000, ali mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma cha Likud, a Sharon anakwera pachitunda chimene Ayuda amachitcha Temple Mount ndipo Asilamu amachitcha Haram al-Sharif, pamene pali mzikiti wa Al-Aqsa, atazunguliridwa ndi apolisi mazanamazana. Zokambirana za ku Camp David pakati pa a Ehud Barak ndi a Arafat zinali zitalephereka miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo tchire linali louma kale. M'mawa mwake apolisi anawombera anthu pamalopo, ndipo kugalukira kwachiwiri kwa Apalestina, kumene amakutcha intifada, kunayamba. Pofika 2005 kunali kutapha Apalestina pafupifupi 3,000 ndi Aisraeli pafupifupi 1,000. Mu February 2001 Aisraeli anasankha a Sharon ndi mavoti oposa 60 mwa 100 alionse.

Kale nkhani zotere zinkayamba zadutsa ku unduna wofalitsa nkhani wa dziko lililonse, kumene ankazisefa. Wailesi ya kanema ya Al Jazeera, imene inakhazikitsidwa ku Qatar mu 1996, inadumpha malire onse kudzera pa setilaiti, kotero kuti banja la ku Rabat linkaona maliro a ku Nablus pa nthawi imodzi ndi banja la ku Muscat. Chithunzi cha mnyamata Muhammad al-Durrah atabisala kumbuyo kwa bambo ake ku Gaza pa 30 September 2000 chinasindikizidwa pa masitampa ndi kujambulidwa pa zipupa, ndipo mkangano umene unadzabuka wa amene anawombera sunasinthe mtima wa anthu. Ku Cairo woimba wina amene kale ankakhalira kusita zovala, Shaaban Abdel Rahim, anatchuka mwadzidzidzi ndi nyimbo yonena mosapsatira kuti amadana ndi Israel. Makaseti ake ankalira m'maminibasi ndi m'misika ya dziko limene linali ndi kazembe wa Israel kwa zaka 20.

Sizonse zimene zinkaonetsedwa zinali zoona kapena zoyenera. Manyuzipepala ena ankajambula a Sharon ngati chilombo chakumwa magazi a ana, potengera nthano zakale za ku Ulaya zonyoza Ayuda, ndipo anthu odziphulitsa ndi mabomba m'mabasi ndi m'malo odyera a ku Jerusalem ndi ku Haifa ankatamandidwa monga ofera chikhulupiriro. Misozi ya mayi wachiyuda amene mwana wake sanabwere kunyumba inkasowa malo pa kanema wa Aluya, monga momwe misozi ya mayi wa ku Jenin inkasowera malo pa kanema wa Aisraeli. Mbali iliyonse inkawerenga maliro ake okha.

Masiku atatu a mu March 2002 ndi amene anawononga mwayi waukulu. Pa 28 March mayiko a m'bungwe la Arab League, atakumana ku Beirut, anavomereza ganizo la kalonga Abdullah wa ku Saudi Arabia: Israel ichoke m'madera onse amene inalanda mu 1967, ilole dziko la Palestine lokhala ndi likulu lake kum'mawa kwa Jerusalem, papezeke yankho lachilungamo pa nkhani ya othawa kwawo, ndipo mayiko onse a Aluya adzakhala nayo pa ubale. Bungwe lomweli, litakumana ku Khartoum mu 1967, linali litakana mtendere, kukana kuivomereza Israel monga dziko, ndi kukana kukambirana nayo. Kusintha kunali kwakukulu. Koma madzulo a dzulo lake munthu wa gulu la Hamas anali atadziphulitsa m'hotela ina ku Netanya pa mgonero wa Pasika, ndipo anthu 30 anafa. Pa 29 March akasinja a Israel anazinga likulu la a Arafat ku Ramallah ndipo asilikali anayamba kulowanso m'mizinda ya ku West Bank. Ganizo la ku Beirut silinayankhidwe.

Mwezi wotsatira, nkhondo ya mumsasa wa Jenin ili m'kamwam'kamwa, pulezidenti wa America, a George W. Bush, anatcha a Sharon munthu wamtendere. Mawu amenewa anasanduka nthabwala yowawa m'mayiko a Aluya, ndipo mkwiyo wina unasamukira ku Washington. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa pulofesa Shibley Telhami wa payunivesite ya Maryland, amene ankafunsa anthu ku Egypt, Jordan, Lebanon, Morocco, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates, anapeza kuti pofika 2006 a Bush anali atapitirira nduna yaikulu ya Israel pa mndandanda wa atsogoleri odedwa. Chaka cha 2002 chomwecho Israel inayamba kumanga mpanda wolekanitsa, umene m'malo ambiri unalowa mkati mwa West Bank ndi kudula alimi ku minda yawo ya maolivi. Khoti la mayiko onse la ku The Hague linanena mu July 2004 kuti mpandawo ukuphwanya malamulo. Ntchito yomanga inapitirira.

Kuchoka ku Gaza

Apa ndi pamene nkhani ya a Sharon imasokoneza. Munthu amene Aisraeli ankamutcha Buludoza, amene kuyambira 1977 ali nduna ya zamalimidwe anadzala midzi ya Ayuda pa mapiri a ku West Bank ndi mumchenga wa ku Gaza, ndi yemwenso anali ndi mbiri yoizula. Mu April 1982 analamula kugumulidwa kwa tauni ya Yamit pamene Israel inkabweza chipululu cha Sinai kwa Egypt. Maboma a Aluya anakumbukira zimenezi. Kumapeto kwa 2004, a Arafat atamwalira m'chipatala ku France, pulezidenti Hosni Mubarak wa Egypt anauza Apalestina poyera kuti a Sharon ndi amene angathe kubweretsa mtendere akafuna. Mu February 2005 a Sharon ndi a Abbas anakumana ku Sharm el-Sheikh ndi kulengeza kuti kumenyana kuleke, ndipo Egypt ndi Jordan anabwezera akazembe awo ku Tel Aviv, kumene mipando yawo inali yopanda anthu kuyambira 2000. Ganizo la maboma linali lakuti mtsogoleri wofatsa amalonjeza koma anthu ake samumvera, pamene wouma mtima akalamula palibe womutchula kuti wagulitsa dziko.

Mu August ndi September 2005 Israel inachotsa Ayuda pafupifupi 8,000 m'midzi 21 ya ku Gaza, pamodzi ndi midzi inayi ya kumpoto kwa West Bank. Atsogoleri a ku Ulaya ndi ku America anayamikira kulimba mtima kwa a Sharon. Aluya wamba anamasulira nkhaniyo m'njira ziwiri, ndipo mwa ziwirizo panalibe yoti mtendere wayandikira. Yoyamba inali yakuti mfuti yapambana. Kafukufuku wa bungwe la a Khalil Shikaki la ku Ramallah anapeza mu September 2005 kuti Apalestina oposa 8 mwa 10 alionse ankaona kuchokako monga chipambano cha omenya nkhondo. Anthu ankayerekeza ndi May 2000, pamene Israel inachoka kumwera kwa Lebanon popanda pangano gulu la Hezbollah litaisautsa zaka zambiri, ndipo ankafunsa kuti zaka 12 za kukambirana kuyambira pa mgwirizano wa Oslo zinachotsa mudzi uti.

Kumasulira kwachiwiri kunali kwakuti uku n'kuphimba anthu m'maso. Umboni unachokera kwa Aisraeli eni ake. Mu October 2004 mlangizi wamkulu wa a Sharon, a Dov Weisglass, anauza nyuzipepala ya Haaretz kuti cholinga cha kuchoka ku Gaza chinali kuimitsa zokambirana zonse zokhudza dziko la Palestine, ndipo anafanizira dongosololo ndi mankhwala oumitsira mitembo. Mu April chaka chomwecho a Bush anali atalemba kalata yovomereza kuti midzi ikuluikulu ya Ayuda ya ku West Bank singachotsedwe yonse. Israel inasunga ulamuliro wa mlengalenga, wa nyanja ndi wa zipata zambiri za Gaza. Ku West Bank, osawerengera kum'mawa kwa Jerusalem, Ayuda okhala m'midzi yotere anali pafupifupi 110,000 mu 1993, pafupifupi 250,000 mu 2005, ndipo pofika 2024 anali atapitirira 500,000.

Owerenga a kuno kumwera kwa Africa angakumbukire a F. W. de Klerk, mtsogoleri wina amene anachokera kwa ouma mtima ndi kutembenuka. Koma a de Klerk anatulutsa a Nelson Mandela m'ndende mu February 1990 ndi kukhala nawo pansi, kotero kuti chilichonse chimene chinapezeka pa zokambiranazo chinakweza okambirana a mbali zonse ziwiri pamaso pa anthu awo. A Sharon anachoka ku Gaza okha, popanda pangano ndi Apalestina. A Abbas, amene anasankhidwa mu January 2005 polonjeza kuti kukambirana kudzabala zipatso, anatsala chimanjamanja. Mu November a Sharon anachoka mu Likud ndi kuyambitsa chipani cha Kadima. Pa 25 January 2006, patangotha masabata atatu iwo atakomoka, Hamas inapambana chisankho cha Apalestina ndi mipando 74 mwa 132.

Mtendere wozizira

Amene akufuna kudziwa mmene mtendere wa maboma umaonekera kwa anthu ayang'ane ku Egypt. A Sadat anapita ku Jerusalem mu November 1977, anasaina pangano mu March 1979, ndipo anaphedwa ndi asilikali a dziko lawo lomwe pa 6 October 1981. Panganolo linabweza Sinai yense, linadzetsa thandizo la America la zankhondo lokwana madola 1.3 biliyoni pachaka, ndipo lapirira nkhondo zonse za ku Lebanon ndi ku Gaza. Komabe mabungwe a madokotala, maloya, atolankhani ndi olemba mabuku akhala akuletsa mamembala awo kuchita chilichonse ndi Israel. Wolemba masewero Ali Salem anapita ku Israel pa galimoto yake mu 1994 ndi kulemba buku la ulendowo. Anzake anamusala, ndipo pambuyo pake bungwe la olemba linamuchotsa. Mtsogoleri wa mpingo wa Coptic, Papa Shenouda III, analetsa akhristu ake kupita ku Jerusalem mpaka tsiku limene adzalowe limodzi ndi Asilamu. A Mubarak atagwa mu 2011, khamu la anthu linathyola ofesi ya kazembe wa Israel ku Cairo mu September chaka chomwecho.

Ku Jordan nkhaniyi ndi ya m'banja. Mfumu Hussein inapangana za mtendere ndi a Rabin mu October 1994 ndipo inakalira maliro awo ku Jerusalem chaka chotsatira, ataphedwa ndi Myuda mnzawo wodana ndi mgwirizano wa Oslo. Koma m'dzikoli muli Apalestina oposa 2 miliyoni olembedwa m'kaundula wa othawa kwawo, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale kutsidya kwa mtsinje wa Jordan. Boma limalandira madzi kuchokera ku Israel ndipo mu 2016 kampani ya boma ya magetsi inasaina mgwirizano wogula gasi wa ku Israel. Anthu anadzaza misewu ya Amman kuukana.

Kungakhale kulakwa kutenga zonsezi monga umboni wakuti Aluya wamba safuna mtendere. Pa kafukufuku wa a Telhami wa m'zaka za 2000, ambiri ankayankha kuti angavomereze mtendere Israel itabweza madera a 1967, kuphatikizapo kum'mawa kwa Jerusalem. Koma ambirinso mwa omwewo ankati sakhulupirira kuti Israel ingabweze maderawo mwamtendere. Chimene chinkasowa chinali chikhulupiriro chakuti mtengo umene watchulidwa udzalipiridwa. Munthu wosayembekezera kanthu saona chifukwa chosiyanitsira mtsogoleri wa Likud ndi wa Labour, makamaka akaona kuti midzi ya Ayuda inakula pansi pa maboma a zipani zonse ziwiri.

Pali chinanso chimene sichinenedwa mokweza. Matenda a a Sharon anaonetsa Aluya dziko limene madokotala amaima pakhomo la chipatala ndi kufotokozera atolankhani za ubongo wa mtsogoleri, wachiwiri wake, a Ehud Olmert, n'kutenga udindo usiku womwewo popanda kasinja kutuluka mumsewu. Ku Egypt mkonzi wa nyuzipepala Ibrahim Eissa anagamulidwa kuti akakhale m'ndende mu 2008 chifukwa cholemba za thanzi la a Mubarak, ngakhale anadzakhululukidwa. Chaka cha Sabra ndi Shatila, 1982, ndi chaka chomwenso asilikali a Hafez al-Assad anapha anthu zikwizikwi mumzinda wa Hama ku Syria, ndipo kumeneko sikunakhale komiti yofufuza. A Olmert eni ake anadzalowa m'ndende mu 2016 pa mlandu wa ziphuphu. Kudana ndi mtsogoleri wa Israel kunkayendera limodzi ndi kaduka kobisika, ndiponso ndi mkwiyo kwa atsogoleri a kwawo.

Maboma ankadziwa zimenezi. Zionetsero zokhudza Palestine ndizo zinkaloledwa pamene zina zonse zinali zoletsedwa, kuti nthunzi ituluke mphika usaphulike. Koma amene anaphunzira kusonkhanitsa anthu pa nkhani ya intifada ku Cairo mu 2000 ndi ena mwa amene anayambitsa gulu la Kefaya mu 2004, lokana kuti a Mubarak apitirize kulamula kapena kusiyira mwana wawo mpando.

Nyengo ya Netanyahu

Mmodzi mwa amene anakana dongosolo la ku Gaza anali a Benjamin Netanyahu, amene anatula pansi unduna wa zachuma mu August 2005. Iwo analamula kuyambira 1996 mpaka 1999, kenaka 2009 mpaka 2021, ndi kubwereranso mu December 2022. Mfundo yawo inali yakuti ubale ndi mayiko a Aluya ungapezeke osayamba wathetsa nkhani ya Apalestina, ndipo mu 2020 zinaoneka ngati alondola: United Arab Emirates ndi Bahrain anasaina mapangano otchedwa Abraham Accords mu September, Morocco n'kutsatira mu December. Ndege zinayamba kuuluka pakati pa Tel Aviv ndi Dubai. Koma pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku Qatar mu 2022, ochemerera achiluya ankakana kulankhula ndi atolankhani a ku Israel, ndipo osewera a Morocco anatambasula mbendera ya Palestine pabwalo atapambana. Kafukufuku wa chaka chomwecho wa bungwe la Arab Center la ku Doha anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse ankakana kuti mayiko awo aivomereze Israel.

Pa 7 October 2023 ankhondo a Hamas anathyola mpanda wa Gaza, anapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo imene inatsatira inapha Apalestina oposa 67,000 pofika October 2025, malinga ndi unduna wa zaumoyo wa ku Gaza, ndipo inaoneredwa pa mafoni a m'manja, kumene kulibe mkonzi wosefa zithunzi. South Africa inasumira Israel ku khoti la mayiko onse mu December 2023, ndipo mu November 2024 khoti lina la ku The Hague, loweruza milandu ya nkhondo, linatulutsa chikalata chomangira a Netanyahu. Bungwe la ku Doha lija linapeza kumayambiriro kwa 2024 kuti okana kuivomereza Israel afika 89 mwa 100. Jordan inaitanitsa kazembe wake mu November 2023, koma m'zaka ziwiri za nkhondoyo palibe dziko la Aluya limene linang'amba pangano lake. Saudi Arabia, imene inali pafupi kugwirizana ndi Israel, inabwerera pa mfundo ya ku Beirut: kalonga Mohammed bin Salman ananena mu September 2024 kuti sipadzakhala ubale popanda dziko la Palestine. Miyezi iwiri m'mbuyomo nyumba ya malamulo ya Israel, Knesset, inali itavota kukana dziko loterolo.

Atsogoleri anakumananso ku Sharm el-Sheikh mu October 2025 kudzachitira umboni mgwirizano woleketsa nkhondo ya ku Gaza. A Netanyahu sanapiteko. Pa nthawiyo ngakhale kachigawo ka West Bank kamene a Sharon anachotsamo Ayuda kanali katayamba kubwerera mwakale. Mu March 2023 Knesset inafafaniza mbali ya lamulo la 2005 imene inkaletsa Aisraeli kulowa m'malo a midzi inayi ija, Homesh, Sa-Nur, Ganim ndi Kadim. Mu May 2025 boma linavomereza midzi 22 ku West Bank, ndipo pa mndandandawo panali Homesh ndi Sa-Nur, pa mapiri a pakati pa Nablus ndi Jenin.